Funsani Dokotala: N'chifukwa chiyani BP imatsika wodwala akangomulowetsa chubu chopumira?

Mwezi uno kwabwera makalata atatu ofunsa nkhani imodzi, ngakhale kuti eni ake sadziwana. Yoyamba yachokera kwa mayi amene anadikira kunja kwa chitseko, yachiwiri kwa mnyamata amene akuphunzira ntchito yogonetsa odwala, ndipo yachitatu kwa namwino wa pa chipatala cha pa boma. Ndawayankha motsatizana chifukwa yankho la kalata imodzi likuthandiza kumvetsa inzake.

KALATA YOYAMBA

A Dokotala, amuna anga a zaka 58 anagonekedwa m'chipatala china chachikulu ndi chibayo, ndipo gadiyani wawo ndinali ine. Usiku wachitatu anayamba kubanika, thukuta lili kamukamu, koma ankayankhulabe, moti anandiuza kuti ndiimbire foni mwana wathu. Madokotala anati ayenera kuwalowetsa chubu pakhosi kuti makina aziwathandiza kupuma. Ndinavomera, ndipo ananditulutsa panja. Patapita kanthawi namwino anadzandiuza kuti chubu chalowa bwino, koma BP yatsika kwambiri ndipo akulimbana nayo. Bambowo sanadzukenso, anatisiya patapita masiku awiri. Tsopano alamu anga akuti chubu ndi chimene chinawapha popeza analowa akuyankhula, ndipo akuti ndikanakana bwenzi ali moyo. Kodi ndinalakwa kuvomera?

Mayi wamasiye, Balaka

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Funso lanu ndiliyankha mosazungulira: simunalakwe. Madokotala akafika poganizira chubu chopumira pakati pa usiku, ndiye kuti matenda amufikitsa kale munthu pamalo oopsa, ndipo povomera munawapatsa bambo mwayi umene unali utatsala. Komabe mawu a alamu anu tisangowataya, chifukwa zimene anaona n'zoona ndithu: munthu analowa akuyankhula, BP n'kutsika chubu chitangolowa. Pamene aphonya ndi pa tanthauzo la zimene anaonazo.

Thupi la munthu wodwala mwakayakaya limakhala likudzigwira ndi mphamvu zake zomaliza. Tizilombo ta chibayo tikafalikira, mitsempha ya magazi imalefuka n'kutakasuka, madzi amatayikira kunja kwa mitsemphayo, ndipo wodwala amene watha masiku angapo akutentha thupi, osadya ndiponso osamwa mokwanira, amatsala ndi magazi ochepa ozungulira. Ubongo ukaona zimenezi umalamula thupi kutulutsa adrenaline ndi noradrenaline zambiri, zimene zimafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima. Zimafanana ndi mlimi wa m'dimba amene madzi amuchepera mu paipi, ndiye wapana kukamwa kwa paipiyo ndi chala kuti madzi afikebe pa mzere wakutali. Woonera patali amati madzi akuthamanga bwino, koma chala chikangochoka madziwo amagwera pamapazi pomwepo. BP ya wodwala wotere ikhoza kuoneka yabwino pa makina, iye n'kumayankhula ndi abale ake, koma zonsezo zikudalira chala chimenecho.

Tsono chubu sichilowa mosavuta m'kholingo mwa munthu ali maso. Amayamba amupatsa mankhwala ogonetsa ndi ena olefula minofu, ndipo mankhwala ogonetsawo ndi amene amachotsa chala pa paipi. Ubongo ukagona, lamulo lofinya mitsempha limafooka, mantha ndi kulimbana ndi mpweya zimatha, ndipo adrenaline amachepa m'magazi. Ena mwa mankhwalawa amawonjezera vuto potakasula mitsempha paokha ndi kufooketsa kapopedwe ka mtima.

Kapumidwe nakonso kamasintha. Munthu akamapuma yekha, chifuwa chimafutukuka n'kukoka mpweya, ndipo kukoka komweko kumathandiza magazi a m'mimba ndi m'miyendo kubwerera ku mtima. Makina sakoka, amakankha. Mpweya wokankhidwawo umapanikiza mitsempha ikuluikulu ya m'chifuwa, magazi obwerera ku mtima amachepa, ndipo mtima sungatumize zimene sunalandire. Kwa munthu wamphamvu amene akupita ku opaleshoni yokonzekeredwa, kusinthaku n'kwakung'ono, koma kwa munthu amene mitsempha yake yaphwa kale kumamugwetsa. Palinso kamphindi kaja, pakati pa kugona ndi kulowa kwa chubu, pamene wodwala sakupuma yekha. Mapapo odzaza ndi mafinya sasunga okosijeni wokwanira kamphindi kameneka, ndipo mtima wosowa okosijeni umayamba kugunda mofooka.

Vutoli si la zipatala za kuno zokha. Kafukufuku wotchedwa INTUBE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anatsatira odwala mwakayakaya 2,964 m'malo othandizirako odwala 197 a m'mayiko 29, kuphatikizapo mayiko olemera amene zipangizo sizisowa. Odwala 42.6 peresenti BP yawo inasokonekera m'mphindi 30 zoyambirira, 9.3 peresenti okosijeni anawatsikira kwambiri, ndipo 3.1 peresenti mtima unaima. Ndiye kuti pa odwala khumi alionse, anayi anakumana ndi zimene namwino anadzakuuzani usiku uja.

Mwina mungafunse kuti, ngati zili choncho, madokotala amalowetseranji chubu? Minofu yopumira imatopa monga minofu ina iliyonse. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma wa chibayo choopsa amafika ka 35 kapena ka 40, ndipo ambiri sangapitirire motero kwa nthawi yaitali. Kuyankhula sikusonyeza kuti mphamvu zatsala zambiri, chifukwa odwala ambiri amayankhula mpaka pafupi ndi pamene minofu ija ikulekera. Kudikira kuti munthu akomoke kaye ndiye kulowetsa chubu n'koopsa kuposa kulowetsa akadali ndi kamphamvu. Sindikubisirani kuti kutsika kwa BP pa nthawi imeneyi kumawonjezera chiopsezo cha imfa, ndipo n'chifukwa chake makalata awiri otsatirawa ndawapatsa malo aakulu. Koma BP imene yagwetsedwa ndi mankhwala ogonetsa kawirikawiri imakwera akaipatsa mankhwala oikweza, pamene imene ikukanirira pansi kwa masiku imakhala ikuonetsa kukula kwa matenda enieniwo, amene afika kale ku mtima, ku impso ndi ku ziwalo zina.

Muli ndi ufulu wobwerera ku chipatalako ndi kupempha kuti mmodzi mwa madokotala amene anasamalira bambo akhale nanu pansi, atsegule fayilo, akufotokozereni mmene zinayendera. Ngati n'kotheka mupite ndi alamu anuwo, kuti adzimvere okha ndi kufunsa mafunso awo, mtolo umenewu usakhale pa inu nokha.

Kwa owerenga ena amene tsiku lina adzakhala agadiyani, pali chinthu chimodzi chimene mungathandize nacho m'mphindi zochepa zija musanatuluke: nenani ngati wodwala wamwa mankhwala a BP tsiku limenelo, ngati wakhala akutsegula m'mimba kapena kusanza, ngati ali ndi mphumu, matenda a mtima, a impso kapena a shuga, ndiponso nthawi imene anadya komaliza. Wogonetsa amasintha mankhwala ndi mlingo wake potengera mayankho amenewa.

KALATA YACHIWIRI

A Dokotala, ndine clinical officer ndipo ndikuphunzira za kugonetsa odwala. Mkulu wina amene ndimagwira naye ntchito amati ndisayambe kulowetsa chubu ndisanathire theka la lita ya dripu, pamene wina amati zimenezo n'zachikale. Onse awiri amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti ndikagwiritsa ntchito ketamine pogonetsa wodwala ndisade nkhawa chifukwa ketamine amakweza BP. Nditsate ziti?

Wophunzira, Chigawo cha Kummwera

YANKHO

Achimwene, pa nkhani ya dripu akulu anu onse awiri akunena zoona, aliyense mbali yake. Pa nkhani ya ketamine, pamene agwirizanapo, ndi pamene ndikukupemphani kuti musamale kwambiri.

Tiyambe ndi dripu. Maganizo ake ngomveka: ngati makina achepetsa magazi obwerera ku mtima, tidzaze mitsempha tisanayambe. Maganizowa analimba mu 2010, pamene madokotala a ku Montpellier, m'dziko la France, anafalitsa ndondomeko ya zinthu zingapo zochitira limodzi, monga kukhala anthu awiri pa wodwala, kuthira dripu, kupereka okosijeni mokwanira musanayambe, kusankha bwino mankhwala ogonetsa ndi kukhala ndi noradrenaline pafupi. Mavuto oika moyo pachiswe anatsika kuchoka pa 34 peresenti kufika pa 21 peresenti. Popeza zonsezi zinachitika pamodzi, dripu inalandira nawo ulemu umene mwina sunali wake.

Ofufuza a ku America ataiyesa payokha, zotsatira zinali zina. Mu kafukufuku wa PrePARE wa 2019, odwala 337 anagawidwa mwamaere, ena kulandira mamililita 500 asanagonetsedwe, ena osalandira. BP inagwa mwa 20 peresenti ya olandira ndi 18 peresenti ya osalandira, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa msanga ataona kuti phindu silikuoneka. Anabwerezanso ndi PREPARE II, wofalitsidwa mu 2022, pa odwala 1,065 amene ankakankhiridwa mpweya asanalowetsedwe chubu, amene tikanayembekezera kuti dripu iwathandiza koposa. Zotsatira zinali 21.0 peresenti kwa olandira ndi 18.2 peresenti kwa osalandira. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mwa odwala ambiri otere chogwetsa BP ndi kulefuka kwa mitsempha, ndipo theka la lita ya saline, madzi a mchere a mu dripu, limene gawo lalikulu silikhalitsa m'mitsempha yodontha, silingabwezeretse kufinya kumene mankhwala ogonetsa achotsa.

Musamve molakwika, chonde. M'makafukufuku awiriwa sanaphatikizemo odwala amene dokotala anaona kuti dripu ikufunika ndithu. Wa kolera amene maso alowa m'kati, wotsegula m'mimba kwa sabata, mayi amene wataya magazi atabereka, wovulala pa ngozi ya pamsewu, onsewa mitsempha yawo ndi yopanda kanthu, ndipo kuwagonetsa musanabwezeretse zimene ataya n'kuwaika pangozi. Wotaya magazi amafuna magazi ndi kutseka pamene akutuluka, osati malita a saline. Chimene makafukufukuwa anathetsa ndi chizolowezi chothira dripu kwa wodwala aliyense ngati mwambo, n'kumaganiza kuti mwatetezeka.

Dripu yochuluka ili ndi mtengo wake, ndipo umboni wake uli pafupi ndi ife. Pa University Teaching Hospital ku Lusaka anayesa ndondomeko yothira madzi ambiri msanga kwa akuluakulu a sepsis (matenda a tizilombo amene afika powononga ziwalo za thupi) amene BP inali yotsika, ambiri mwa iwo ali ndi HIV. Zotsatira zinatuluka mu 2017: anamwalira m'chipatala anali 48.1 peresenti mwa olandira ndondomekoyo ndi 33.0 peresenti mwa olandira chithandizo cha masiku onse. Kafukufukuyu sanali wa chubu chopumira, koma phunziro lake limatikhudza, pakuti madzi amene mwathira mopitirira amakathera m'mapapo omwe aja amene mukufuna kuwapulumutsa, ndipo makina opumira m'zipatala zathu ndi owerengeka.

Choncho musanagwire dripu kapena jakisoni, yambani mwadziwa kuti wodwala wanu waima pati. Njira yosavuta, yosalira chipangizo chatsopano, ndi imene timaitcha shock index: gawani kugunda kwa mtima ndi nambala ya pamwamba ya BP. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7. Wodwala amene BP yake ndi 110/70 angakukhazikeni mtima pansi, koma ngati mtima wake ukugunda ka 120 pa mphindi, shock index yake yadutsa 1, ndipo kuyambira pa 0.8 chiopsezo cha kugwa kwa BP chimakhala chitakwera kale. Onjezanipo ukalamba, manja ndi mapazi ozizira, mkodzo wochepa, ndi kupuma mwakuya komanso mofulumira kwa munthu amene asidi wachuluka m'magazi, monga wa shuga wokwera kwambiri. Wotsirizayu amadzisunga ndi kupuma kwakeko, ndipo mukamuimitsa kupuma kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kapena mukamuika pa makina opuma pang'onopang'ono, asidi amakwera mpaka mtima kuima. Kuno kwathu musaiwalenso TB, imene imatha kudzaza madzi m'kathumba kokuta mtima. Wodwala amene mitsempha ya m'khosi yatupa, BP ili yotsika ndipo mtima ukumveka patali, muyang'aneni ndi ultrasound ngati ilipo, chifukwa kukankhira mpweya m'chifuwa chotero madziwo asanachotsedwe kumatha kuimitsa mtima nthawi yomweyo.

Tsopano ketamine. Mankhwalawa anapangidwa koyamba mu 1962, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa World Health Organization, ndipo ndi mzati wa ntchito yogonetsa m'zipatala zambiri za mu Africa. Ndimawalemekeza kwambiri. Koma muyenera kudziwa mmene amakwezera BP: samapatsa mtima mphamvu yatsopano, amangochititsa kuti thupi litulutse ndi kusunga adrenaline ndi noradrenaline zake zomwe. Ali ngati chikwapu pa ng'ombe ya pangolo, chimene chimafulumizitsa ng'ombe imene ikadali ndi mphamvu, koma sichithandiza imene yakoka katundu tsiku lonse. Mwa wodwala amene wakhala masiku akudzigwira ndi adrenaline wake, nkhokwe imakhala itatha, ndipo chimene chimaonekera ndi mbali ina ya ketamine, yofooketsa minofu ya mtima.

Makafukufuku oyerekeza ketamine ndi etomidate, mankhwala ena ogonetsa, akugwirizana ndi zimenezi. Wa ku Dallas, wa odwala 801, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti BP inagwa kawirikawiri mwa olandira ketamine. Wina wamkulu wa ku America, wa odwala 2,365, wofalitsidwa kumapeto kwa 2025, anapeza kuti imfa zinali pafupifupi zofanana, 28.1 peresenti kwa ketamine ndi 29.1 peresenti kwa etomidate, koma kugwa kwa BP kunali 22.1 peresenti kwa ketamine ndi 17.0 peresenti kwa etomidate. Etomidate naye ali ndi chilema chake, pakuti amaletsa kwa kanthawi tiziwalo ta pamwamba pa impso kupanga cortisol, amene amathandiza kuchirikiza BP, monga anaonetsera kafukufuku wa ku France wa 2009. Ine maganizo anga ndi akuti palibe chifukwa chotayira ketamine, makamaka pamene etomidate sapezeka, koma tileke kuuza ophunzira kuti ketamine sagwetsa BP. Amene muyenera kuwapewa mwa wodwala wa shock, amene magazi sakufika mokwanira ku ziwalo zake, ndi propofol ndi thiopentone pa mlingo wa ku opaleshoni. Ofufuza a INTUBE ataunikanso zotsatira zawo mu 2022, anapeza kuti mwa zinthu zimene dokotala angasinthe, propofol ndi amene anayendera limodzi ndi kusokonekera kwa BP.

Mlingo ndi wofunika monga dzina la mankhwala. Ketamine wa masiku onse ndi 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu, koma mwa wodwala wa shock ambiri amatsitsa kufika pa 0.5 mpaka 1 mg pa kilogalamu, osatsitsanso mpaka munthu akhale maso minofu yake italefuka, chimene ndi nkhanza yaikulu. Dziwaninso kuti magazi akamayenda pang'onopang'ono mankhwala amachedwa kufika ku ubongo, ndipo wophunzira wosaleza mtima amawonjezera jakisoni wachiwiri woyamba asanagwire ntchito, onse awiri n'kudzafika nthawi imodzi. Mankhwala olefula minofu ndiye samachepetsedwa: rocuronium 1.2 mg pa kilogalamu, kapena suxamethonium 1.5 mg pa kilogalamu ngati palibe chiopsezo cha potassium wokwera, monga mwa wopsa ndi moto masiku angapo apitawo kapena wofa ziwalo.

Kusunga okosijeni ndi kulowetsa chubu ulendo woyamba ndi njira zotetezeranso mtima. Kafukufuku wa PreVent wa 2019, wa odwala 401, anaonetsa kuti kupopera mpweya mofatsa ndi Ambu bag, thumba lopopera mpweya ndi manja, pakati pa kugonetsa ndi kulowetsa chubu kunatsitsa kusowa kwambiri kwa okosijeni kuchoka pa 22.8 kufika pa 10.9 peresenti. PREOXI wa 2024, wa odwala 1,301, anapeza kuti kupereka okosijeni ndi makina okankha mpweya kudzera pa chophimba kumaso kunatsitsa vutoli kuchoka pa 18.5 kufika pa 9.1 peresenti. DEVICE wa 2023 anaonetsa kuti laryngoscope (chipangizo choyang'anira m'kholingo) ya kamera inathandiza kulowetsa ulendo woyamba mwa 85.1 peresenti, poyerekeza ndi 70.8 peresenti ya laryngoscope wamba. Pamene kamera palibe, kwezani kumutu kwa bedi, yesani suction yoyamwira malovu ndi masanzi musanayambe, bougie (kandodo kotsogolera chubu) ikhale m'manja mwa wothandiza, ndipo wodwala amene shock index yake ndi yokwera musamusandutse wophunzirirapo. Itanani mkulu wanu aime pambali panu, kapena alowetse yekha inu mukuona.

KALATA YACHITATU

A Dokotala, ndine namwino pa chipatala cha pa boma. Noradrenaline timangomumva, ndipo pampu yoyendetsera mankhwala ilipo imodzi, imene nthawi zambiri imakhala pa wodwala wina. Akamalowetsa chubu ine ndimangopatsira zipangizo, kenako ndimaona BP yagwa. Kodi pali chimene ine ndingachite ndi zochepa zimene tili nazo?

Namwino, Chigawo cha Pakati

YANKHO

Mayi, chilipo, ndipo ndi chachikulu. Wolowetsa chubu maso ake onse amakhala m'kamwa mwa wodwala, moti sangaone makina nthawi yomweyo. Munthu amene angaone BP ikuyamba kutsetsereka ndi inu, ndipo muli ndi udindo wonena mokweza manambala, ngakhale amene ali kumutu kwa bedi akhale wamkulu kwa inu.

Ntchito yanu imayamba mankhwala asanalowe. Odwala amene sangadikire ngakhale mphindi zisanu ndi ochepa, monga amene mtima waima kapena njira ya mpweya yatsekeka. Ambiri amatha kupirira mphindi zisanu kapena khumi ali pa okosijeni, ndipo mphindi zimenezi ndi zanu. Ikani makanula awiri aakulu, muwayese kuti akuyenda, chifukwa kanula imene yatsekeka imadziwika pa nthawi yoipa. Lamba woyezera BP akhale pa mkono umene sukulandira mankhwala, ndipo makina muwatchere kuti aziyeza mphindi iliyonse kapena ziwiri zilizonse, osati mphindi 15 monga amakhalira ku wodi. Kachipangizo ka pa chala koyeza okosijeni kakhale komveka kulira kwake. Ngati nambala ya pamwamba ili pansi pa 90, kapena MAP (avareji ya BP) ili pansi pa 65, nenani poyera kuti BP ikwezedwe kaye asanagonetse. Kupereka mankhwala okweza BP kwa wodwala aliyense sikunaonetse phindu mu INTUBE, koma kugonetsa munthu amene BP yake yagwa kale popanda kuichirikiza n'kumukankhira kuphompho.

Kusowa kwa noradrenaline sikutanthauza kuti manja anu ndi omangidwa. Adrenaline amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse, ndipo akasungunulidwa bwino amatha kuperekedwa pang'onopang'ono, ma microgram 10 mpaka 20 pa nthawi, kapena kuyendetsedwa mu dripu yowerengedwa madontho. Apa ndipo pagona ngozi imene ndikufuna muikumbukire: ampule imodzi ya adrenaline ili ndi 1 mg, ndiye kuti ma microgram 1,000, kuchuluka ka 50 mpaka ka 100 kuposa mlingo ndatchulawu. Kusungunula kuchitike motsatira ndondomeko yolembedwa ya chipatala chanu ndi malangizo a wogonetsa, anthu awiri awerengere limodzi, ndipo jakisoniyo alembedwe dzina ndi mphamvu yake, zonsezi zisanayambe, osati pamene BP yafika pa 50 ndipo manja akunjenjemera. Ephedrine, amene mwazolowera ku fiyeta pa amayi obereka, amadalira kwambiri nkhokwe ya thupi yomwe ija, choncho mwa wodwala wa sepsis amene watheratu sangakuthandizeni mokwanira. Pamene noradrenaline ndi pampu zapezeka, musadikire chubu cha mu mtsempha waukulu: malangizo a Surviving Sepsis Campaign a 2021 amalola kuyamba pa kanula yabwino ya pa mkono, malinga mukuyang'anira kuti sakutayikira pansi pa khungu.

Chubu chikalowa, anthu amapuma mpweya wa chimwemwe n'kuyamba kulongedza zipangizo, koma mphindi 30 zotsatira ndi zimene BP imagwa kawirikawiri. Cholakwa chofala kwambiri chili m'manja mwa wopopa Ambu bag, amene chifukwa cha mantha amapopa mofulumira ndi mwamphamvu, n'kumapanikiza mtima pa kupopa kulikonse. Kwa odwala ambiri ka 10 mpaka ka 12 pa mphindi n'kokwanira, ndi mpweya wongokweza chifuwa pang'ono, kupatula wa asidi wochuluka uja amene ayenera kupumitsidwa mofulumira monga ankapumira yekha. Pa makina, mpweya wa kupuma kumodzi ukhale mamililita 6 mpaka 8 pa kilogalamu, powerengera kulemera koyenera kutalika kwa wodwala.

BP ikagwa ndithu, musathamangire dripu musanafunse mafunso atatu. Kodi chubu chili m'njira ya mpweya kapena chalowa kum'mero? Chipangizo choyeza carbon dioxide wotuluka ndicho chimayankha motsimikiza, ndipo pamene palibe, kukayika kulikonse kumafuna kuti wolowetsa ayang'anenso ndi laryngoscope. Kodi mpweya ukutsekeredwa m'mapapo? Izi zimachitika mwa wa mphumu, amene mpweya umalowa koma umachedwa kutuluka, ndipo kuchotsa Ambu bag pa chubu kwa masekondi angapo kuti chifuwa chiphwe kumatha kubweza BP nthawi yomweyo. Kodi phapo laphulika, mpweya n'kudzaza mbali imodzi ya chifuwa? Mbali imeneyo imakhala chete ndipo siyenda, ndipo imafuna kubooledwa mwamsanga. Mankhwala opitiriza kugonetsa nawonso aperekedwe pang'onopang'ono, pakuti diazepam kapena morphine wambiri pa nthawi imodzi amagwetsanso BP imene mwangoikweza.

Funso lomaliza lifunsidwe mankhwala ogonetsa asanatungidwe n'komwe, ndipo namwino ali ndi ufulu wonse wolifunsa: chubu chikalowa, wodwalayu apita kuti, ndipo apopa mpweya ndani? Ngati akutumizidwa ku chipatala chachikulu, imbani foni mutsimikize kuti bedi ndi makina zilipo, muone kuti silinda ya okosijeni ikwana ulendo wonse, ndipo jakisoni wa adrenaline wosungunula kale, wolembedwa bwino, akwere nawo ambulansi m'manja mwa amene akuperekeza wodwalayo.